Chimene chimasunga koleji yaing'ono ya Katolika: nkhani ya ku Atchison

M'zaka za 2023 ndi 2024 makoleji a Katolika ku America ankatsekedwa motsatizana. Cardinal Stritch University ya ku Milwaukee inatseka mu Meyi 2023, ndipo Holy Names University ya ku Oakland inatsatira chaka chomwecho. Mu 2024 inafika nthawi ya College of Saint Rose ya ku Albany, imene masisitere anaiyambitsa mu 1920, komanso Cabrini University ya kufupi ndi Philadelphia, imene malo ake anagulidwa ndi yunivesite ya Villanova. Sizinali sukulu zachabechabe ayi. Zinatulutsa aphunzitsi, anamwino ndi owerengera ndalama kwa mibadwo ingapo. Zinagwa chifukwa ophunzira anachepa, ngongole zinakula, ndipo panalibe wogwirira denga.

Nthawi yomweyo, m'tauni ya Atchison m'chigawo cha Kansas, tauni ya anthu pafupifupi 11,000 yomwe ili pamtunda woyang'ana mtsinje wa Missouri, koleji ina ya Katolika yakhala ikumanga hositelo pambuyo pa hositelo chifukwa ophunzira achuluka. Dzina lake ndi Benedictine College. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 inali ndi ophunzira osakwana 600 ndipo anthu ankaiwerengera masiku. Lero ili ndi ophunzira oposa 2,000. Ndikufuna tione chimene chinachitika kumeneko, chifukwa nkhani yake imaonetsa bwino m'mene moyo wa ophunzira pasukulu, kukula kwa sukuluyo ndi thandizo la ophunzira akale zilili chingwe chimodzi.

Tiyambe ndi m'mene sukulu zotere zinkadyera kale.

Amonke a chipani cha Benedict Woyera anafika ku Kansas kuchokera ku Latrobe, Pennsylvania, mu 1857, ndipo mu 1858 anakhazikika ku Atchison n'kuyamba sukulu ya anyamata imene inadzakhala St. Benedict's College. Mu 1863 kunafika masisitere 7 a chipani chomwecho kuchokera ku Minnesota, motsogozedwa ndi Amayi Evangelista Kremmeter. Iwo anatsegula sukulu ya atsikana, ndipo mu 1923 panabadwa koleji ya akazi ya Mount St. Scholastica. Kwa zaka zambirimbiri tauni yaing'onoyo inali ndi makoleji awiri, ya anyamata kumpoto, ya atsikana kummwera.

Funso ndi lakuti ndalama zoyendetsera makoleji awiri m'tauni yotero zinkachokera kuti. Yankho lake ndi lakuti mbali yaikulu sinkafuna ndalama n'komwe. Wophunzitsa masamu anali sisitere. Woyang'anira laibulale anali mmonke. Wogona m'hositelo ndi anyamata kuti asachite phokoso usiku anali wansembe. Onsewa analumbira kukhala osauka, choncho malipiro amene bwenzi akupita m'matumba mwawo ankatsalira m'sukulu. Anthu a za maphunziro ku America amatchula zimenezi kuti chuma chamoyo: sukulu inalibe mamiliyoni ku banki, koma inali ndi anthu mazana amene anapereka moyo wawo wonse osalandira kanthu. Ndi chifukwa chake mwana wa mlimi wosauka, kapena mwana wa munthu wongofika kumene kuchokera ku Germany kapena ku Ireland, ankatha kuphunzira pa fizi yochepa.

Chuma chamoyocho chinatha. Mu 1965 ku America kunali masisitere pafupifupi 180,000. Lero sakwana 40,000, ndipo ambiri mwa iwo ndi okalamba. Sisitere aliyense wopuma ankalowedwa m'malo ndi mphunzitsi wabanja, woyenera malipiro, inshuwalansi ya kuchipatala ndi penshoni. Palibe cholakwika pamenepo, wantchito ayenera kulandira zake. Koma tangoganizani banja limene kwa zaka 100 lakhala likulima ndi ana ake okha, kenako mwadzidzidzi liyenera kulemba aganyu pa mzere uliwonse. Pa nthawi yomweyo achinyamata anasiya kukonda sukulu za amuna okha kapena akazi okha, ndipo mayunivesite a boma otsika mtengo anafalikira. Mu 1971 makoleji awiri a ku Atchison anaphatikizana n'kukhala Benedictine College. Kuphatikizanako sikunachize nthenda. Anapitiriza kuyendetsa malo awiri mpaka 1989, pamene anasiya malo a kummwera n'kusonkhanitsa zonse pamtunda wa kumpoto. Chiwerengero cha ophunzira chinapitirirabe kutsika.

Apa mpofunika kumvetsa masamu a koleji yaing'ono, chifukwa anthu ambiri amaona fizi yolembedwa pa intaneti n'kuganiza kuti sukuluzi zikusambira m'ndalama. Mtengo wolembedwawo ndi ochepa kwambiri amene amalipira. Sukulu imalengeza mtengo waukulu, kenako imapatsa pafupifupi wophunzira aliyense chimene imachitcha sikolashipu. Nthawi zambiri sikolashipuyo si ndalama yochokera kwinakwake. Ndi kuchotsera mtengo basi, ngati wamalonda wa pamsika amene amayamba ndi mtengo wokwera podziwa kuti mutsitsana. Bungwe la oyang'anira chuma m'makoleji a ku America, NACUBO, lakhala likuonetsa m'zaka zaposachedwapa kuti m'makoleji omwe si aboma, kuchotseraku kumaposa theka la mtengo kwa ophunzira a chaka choyamba. Ndiye kuti pa dola iliyonse yolembedwa, imene imalowa m'thumba la sukulu siifika ngakhale theka.

Sukulu zolemera zimatseka dzenje limeneli ndi thumba losatha. Thumbali lili ngati chimanga cha mbewu chimene amayi amapachika padenga la khitchini: sichidyedwa, chimabzalidwa. Ndalama zimene anthu apereka zimaikidwa m'masheya ndi m'malonda ena, ndipo sukulu imatapako pafupifupi 4 kapena 5 pa 100 iliyonse pachaka, zotsalazo zizibereka. University of Notre Dame ya ku Indiana, yomwenso ndi ya Katolika, ili ndi thumba loposa mabiliyoni 15 a madola. Koleji ngati ya ku Atchison ili kutali kwambiri ndi zimenezo. Imadya zimene yakolola chaka chomwecho. Ophunzira 50 akalephera kubwera mu Ogasiti, bajeti ya chaka chonse yabowoka, pomwe magetsi, zotenthetsera nyumba m'nyengo ya chipale ndi malipiro a aphunzitsi sizitsika. St. Gregory's University ya ku Oklahoma, imenenso inali ya amonke a Benedict, inatseka mu 2017 italephera kupeza ngongole imene inkayembekezera. Chingwe chake ndi chopyapyala chonchi.

Ndiye a ku Atchison anatani?

Kunena mwachidule, anasiya kuyesa kufanana ndi aliyense. Pambuyo pa 1967, pamene atsogoleri a mayunivesite ena a Katolika anasonkhana ku Land O' Lakes, m'chigawo cha Wisconsin, n'kugwirizana kuti sukulu zawo ziziyenda modziimira pazokha, makoleji ambiri anayamba kuchepetsa maonekedwe a Chikatolika kuti akope aliyense. Kwa sukulu yaikulu yotchuka zimenezo zinayenda. Kwa sukulu yaing'ono yakumudzi zinabweretsa funso lovuta: ngati muli chimodzimodzi ndi yunivesite ya boma, bwanji kholo lilipire zambiri kwa inu? Mu 1990 Papa John Paul II analemba chikalata cha Ex Corde Ecclesiae, chonena kuti yunivesite ya Katolika iyenera kudziwika kuti ndi ya Katolika m'maphunziro ndi m'makhalidwe omwe. Benedictine inatsata njira imeneyi, poyamba pang'onopang'ono kudzera mwa aphunzitsi ndi ophunzira ochepa, kenako poyera. Mu 1998 Curtis Martin anayambira pasukulupa bungwe la FOCUS, limene limatumiza achinyamata omaliza maphunziro kukakhala pakati pa ophunzira n'kumawerenga nawo Baibulo m'timagulu ting'onoting'ono. Bungweli lafalikira m'mayunivesite ambiri a ku America, koma mbewu yake inamera ku Atchison. Mu 2004 sukuluyo inasankha Stephen Minnis kukhala mkulu wake. Iye ndi loya amene anamaliza maphunziro pasukulu yomweyo mu 1982, ndiye kuti wophunzira wakale amene anabwerera kwawo.

Koma kunena kuti "anabwerera ku Chikatolika" kokha sikufotokoza zonse. Sukulu zina zolimba pa chipembedzo zatsekedwanso, monga Magdalen College ya ku New Hampshire mu 2024. Chimene ndikuona kuti chinagwira ntchito ku Atchison ndi m'mene chikhulupirirocho chinasandukira moyo wa tsiku ndi tsiku umene mwana wa zaka 18 angaukonde.

Ophunzira ambiri amagonera pasukulu pomwepo, anyamata kwaokha, atsikana kwaokha, ndipo pali maola oikika ochezerana. Amadyera pamodzi. Misa imachitika tsiku lililonse, ndipo amonke akadali pamtunda womwewo, akupemphera masalimo m'mawa, masana ndi madzulo monga akhala akuchitira kuyambira asanabadwe agogo a ophunzirawo. Wophunzira akhoza kulowa m'tchalitchi cha amonke n'kukhala nawo pa mapemphero osafunsidwa kanthu. Malamulo a Benedict Woyera, amene analembedwa zaka pafupifupi 1,500 zapitazo, amati mlendo alandiridwe ngati Khristu, amatinso wosunga katundu asamale ziwiya za panyumba ngati ziwiya za pa guwa. Mmonke amalumbiranso kukhazikika: kukhala m'nyumba imodzi, ndi abale omwewo, mpaka imfa. Lumbiro limeneli lili ndi phindu limene owerengera ndalama sangalilembe m'buku. Munthu amene anamaliza maphunziro zaka 30 zapitazo akabwera kudzaona sukulu yake, amapeza nyumba ya amonke ili pomwepo, belu likulira nthawi yomweyo, mwinanso wansembe amene anamuphunzitsa akadali moyo, kapena manda ake ali pomwepo. Ali ndi kobwerera.

Palinso miyambo yooneka ngati yachibwana. Ophunzira atsopano amapatsidwa kachipewa kakang'ono koti avale sabata yoyamba, ndipo wina akapezeka alibe, amayenera kukwera pamalo okwera n'kulira ngati khwangwala. Khwangwalayo ndiye chizindikiro cha sukuluyo, ndipo matimu ake amatchedwa Ravens, potsatira nkhani yakale ya khwangwala amene anachotsa buledi wapoizoni amene mdani anatumizira Benedict. Amene tinadutsa m'sukulu zogonera komweko timadziwa kuti miyambo yolandirira atsopano ikhoza kusanduka nkhanza, ndipo nkhanza sizimanga chikondi cha sukulu, zimangosiya zipsera. Koma mwambo wopanda ululu, umene mkulu wa sukulu ndi aphunzitsi amausekerera limodzi ndi ana, umapatsa anthu a mibadwo yosiyana nkhani imodzi yokambirana. Wa 1975 ndi wa 2020 akakumana, onse anavalapo kachipewako.

Masewera nawo si zokongoletsa chabe. Sukuluyi imasewera m'bungwe la makoleji aang'ono la NAIA, ndipo St. Benedict's inatengapo chikho cha dziko lonse cha basiketibolo m'bungweli mu 1954 ndi mu 1967. Kwa koleji yaing'ono, timu ya mpira wa ku America imatanthauza anyamata ochuluka olipira fizi amene sakanabwera popanda timuyo. Atsogoleri anawonjezeranso maphunziro amene makolo amawafuna: uinjiniya, unamwino, luso lojambula mapulani a nyumba, komanso mwayi wokaphunzira miyezi ingapo ku Florence m'dziko la Italy. Kholo likhoza kukonda Misa ya tsiku ndi tsiku, koma limafunanso kudziwa kuti mwana akamaliza adzapeza ntchito.

Tsopano tifike pa ophunzira akale. Ku America, pa ophunzira akale 10 aliwonse, amene amapereka kanthu ku sukulu yawo pachaka sakwana ngakhale mmodzi tikaphatikiza makoleji onse. Choncho kupereka sikuchitika kokha; kumalimidwa. Koleji imakhala ndi ofesi yapadera imene ntchito yake ndi kudziwa kumene wophunzira wakale aliyense ali, wakwatira liti, wabereka ana angati, akugwira kuti. Imatumiza magazini. Imaitana anthu kumapeto a sabata ina chaka chilichonse kuti abwere kudzaonera mpira, kudzachita Misa ndi kudzadya pamodzi. Kalasi iliyonse imakhala ndi munthu wake wokumbutsa anzake, ndipo ikakwanitsa zaka 25 kapena 50 imasonkha mphatso ya kalasi yonse. Ophunzira a lero amaimbira foni akale, kuwauza za kusukulu n'kupempha kangachepe. Benedictine imachitanso phwando lalikulu chaka ndi chaka m'dera la Kansas City losonkhetsa ndalama za masikolashipu. Malamulo a msonkho a dzikolo amathandiza, chifukwa mphatso yopita ku sukulu ikhoza kuchepetsa msonkho wa woperekayo, ndipo makampani ena amawonjezera dola pa dola iliyonse imene wantchito wawo wapereka.

Mphatsozi si zamtundu umodzi. Pali zing'onozing'ono za chaka ndi chaka, zimene zimalowa m'bajeti nthawi yomweyo. Pali zazikulu zomangira nyumba, zimene nthawi zambiri zimabwera ndi dzina la woperekayo pakhoma. Pali za m'wilo, pamene munthu amalemba kuti akamwalira gawo la chuma chake lipite kusukulu, ndipo zimenezi ndi zimene zimakulitsa chimanga cha mbewu chija. Ndalama zambiri zimachokera kwa anthu ochepa kwambiri, zimenezo n'zoona kulikonse. Ena mwa iwo sanaphunzire n'komwe pasukulupo: ku Benedictine nyumba ziwiri zinapatsidwapo dzina la Ferrell, banja la kampani ya gasi ya Ferrellgas imene inayambira ku Atchison komweko mu 1939. Imodzi mwa nyumbazo ndi nyumba yakale ya amonke imene inakhala yosiyidwa kwa zaka zambiri isanakonzedwe kukhala hositelo. Komabe wopereka madola 20 ndi wofunika, chifukwa wolemera asanatulutse mamiliyoni amafunsa kaye kuti ana a m'nyumbamo akuikhulupirira okha kapena ayi. Ndiponso wopereka zambiri pa zaka 65 nthawi zambiri ndi uja anayamba kupereka zochepa pa zaka 25.

Ndipo thandizo lalikulu kuposa ndalama ndi ana. Wophunzira wakale akatumiza mwana wake, kapena akauza mwana wa mnansi wake ku parishi kuti pita kumene ndinapita ine, wapatsa sukuluyo fizi ya zaka zinayi. M'mabanja akuluakulu achikatolika, mwana woyamba akakonda sukulu, azing'ono ake amatsatira. Apa mpamene chingwe chija chimakumana. Wophunzira amene anasamalidwa bwino m'hositelo lero ndiye wopereka wa mawa komanso kholo la wophunzira wa mkuja. Amene anachitidwa chipongwe ku ofesi ya fizi, amene anadwala popanda womuzonda, adzalandira kalata yopempha thandizo n'kuiponya m'bini. Kupatsa n'kuika: zimene sukulu imachitira mwana wa zaka 19 ndi zimene idzakolole iye ali ndi imvi. M'malo mwa masisitere osalandira malipiro aja, tsopano pali ophunzira akale, ndipo iwo sanalumbire kanthu. Amapereka pokhapokha akakumbukira zabwino.

Walira mvula walira matope, ndipo kukula kwa Benedictine kuli ndi matope ake. Sukulu ikachoka pa 600 kufika pa 2,000, mphunzitsi sangadziwenso wophunzira aliyense ndi dzina, pomwe kudziwanako ndi kumene kunakopa anthu. Nyumba zatsopano zimafuna kukonzedwa kwa zaka 50 zikubwerazi, ana abwere asabwere. Ndipo ana akuchepa: ku America kunabadwa ana pafupifupi 4.3 miliyoni mu 2007, koma pofika 2023 anali pafupifupi 3.6 miliyoni. Ana obadwa chiwerengerocho chitayamba kutsika ndi amene ayamba kufika msinkhu wa koleji tsopano.

Matope ena ndi a m'banja momwe. Mu Meyi 2024 sukuluyo inaitana Harrison Butker, wosewera mpira wa ku America wa timu ya Kansas City Chiefs, kudzalankhula pa mwambo wopereka madigiri. Zimene ananena, makamaka zokhudza udindo wa akazi pabanja, zinautsa mkangano dziko lonse. Ambiri m'holomo anaimirira n'kuwomba m'manja. Koma masisitere a Mount St. Scholastica, eni ake a theka la mbiri ya sukuluyo, anatulutsa chikalata chonena kuti mawuwo sakuimira koleji imene iwo anathandiza kuyambitsa. Kwa ine nkhaniyi ndi yolemera kuposa phokoso la pa intaneti. Amayi amene anaphunzira ku Mount m'zaka za m'ma 1960 anaphunzitsidwa sayansi ndi masisitere okhala ndi madigiri apamwamba pa nthawi imene akazi ochepa ankafika pamenepo. Iwonso ndi ophunzira akale, nawonso amalemba mawilo. Sukulu imene yapulumuka podziwika bwino kuti ndi yotani iyenera kusamala kuti kudziwikako kusakhale khomo lopapatiza moti ana ake akuluakulu sangalowemonso. Mlendo alandiridwe ngati Khristu, koma naye mwana wa m'nyumba asasanduke mlendo.

Kwathu kuno nkhaniyi si yachilendo kwenikweni. Catholic University of Malawi, imene maepiskopi anaitsegula ku Nguludi mu 2006 pamalo pamene panali koleji ya aphunzitsi ya Montfort, imadaliranso fizi, ndipo ophunzira ake oyamba sanafike n'komwe pa msinkhu wolemba mawilo. Mtima wothandiza sukulu yakale tili nawo. Onani m'mene anthu a ku Box 2 ku Zomba kapena a ku Likuni amadziwanirana kulikonse kumene akumana. Chimene chimasowa kawirikawiri ndi kaundula wosungidwa bwino, lipoti loonetsa kumene ndalama yapita, ndi chizolowezi chopereka zochepa chaka ndi chaka m'malo modikira kuti denga ligwe kaye.

Wophunzira wakale wodziwika kwambiri wa ku Atchison anachokera ku Africa. Mu 1960 mtsikana wa ku Kenya, Wangari Maathai, anali mmodzi mwa achinyamata mazana angapo amene anapita ku America pa ndondomeko imene Tom Mboya, wandale wa ku Kenya, anakonza mothandizidwa ndi banja la Kennedy. Iye anatumizidwa ku Mount St. Scholastica, kumene anaphunzira sayansi ya zamoyo n'kumaliza mu 1964. Mu 1977 anayambitsa Green Belt Movement, gulu la amayi obzala mitengo, ndipo mu 2004 anakhala mkazi woyamba wa ku Africa kulandira mphoto ya mtendere ya Nobel. Anabwereranso ku Atchison mu 2007 kudzaona masisitere ake. Anamwalira mu 2011. Mu 2014, pamene kalasi yake inkakwanitsa zaka 50, anzake aja, tsopano ali agogo a zaka za m'ma 70, anasonkhana ku Atchison ndipo pamodzi ndi koleji anavundukula chipilala chake. Anachiimika pabwalo la Benedictine College, ngakhale sukulu imene iwo anaphunzirako inataya dzina lake mu 1971.